Tepi ya a Diso

Ndakhala wolemba makalata kwa zaka makumi anayi, ndipo amene anandiphunzitsa ntchitoyi ankati kalata yaulemu imanena cholinga chake m'ndime yoyamba, kuti woiwerenga asachite kuchifufuza. Choncho ndinene mosazungulira. Ndikulemba kuti ndibweze dzina la munthu amene analitaya chifukwa cha ine. Munthuyo ndi telala amene amakhala pa khonde la sitolo ya pakona, mu msewu wotsikira kokwerera basi. Achinyamata a masiku ano amawatcha a Tepi. Ife akale tinkawatcha a Diso.

A Diso sanabadwire m'banja la atelala. Ntchito yawo yoyamba inali yosita zovala m'nyumba yochapira, kuseri kwa msewu womwewo, ndipo anaigwira zaka khumi ndi chimodzi. M'chipinda chimene ankasitiramo munali kawindo koyang'ana pa kauntala. Chovala chilichonse chimene chinkadutsa pansi pa simbi yawo ankachiyala, kuchitembenuza, kuchidziwa msoko ndi msoko, kenaka mwini wake akabwera kudzachitenga, iwo ankasuzumira pa kawindo kaja kuti aone thupi limene limalowamo. Patapita zaka, anayamba kutchova okha mumtima: munthu akangolowa pakhomo, iwo n'kunena kuti malaya ake ndi awa, asanaone nambala ya pa kapepala. Atagula makina osokera opalasa ndi mapazi n'kukhala pa khonde paja, anapeza kuti tepi yoyezera alibe nayo ntchito.

Kayezedwe kawo kanali kotere. Munthu ukafika ndi nsalu, ankakupatsa moni, kukufunsa za kunyumba, kenaka n'kunena kuti, "Tayendani mukafike pa mtengo wa magetsi apo, mubwerere." Ukamayenda iwo ankapendeketsa mutu, choko chili kukamwa ngati ndudu. Ukabwerera ankakuuza kuti ukhale pa benchi, uimirirenso, ukweze manja ngati ukupachika chinthu. Basi. Sankalemba paliponse. Pa tsiku limene akuuza, unkapeza chovala chokukhala ngati unabadwa nacho.

Anthu ankawayesa m'njira zosiyanasiyana. Wina ankabwera atavala majuzi awiri, wina atakoka mimba mkati. A Diso ankangoti, "Pumani, bambo, mungakomoke. Mimbayo ndinaiona kale Lachiwiri mukugula nyuzipepala." Mayi wina wongokwatiwa kumene a Diso anamuuza motsitsa mawu kuti, "Diresili ndalisiyira malo kutsogoloku. Musandikalipire lero, mudzandithokoza pakatha miyezi itatu." Mayiyo anali asanauze ngakhale mwamuna wake.

Luso limeneli linawabweretsera ntchito imene atelala ena sankaipeza. Bambo akafuna kudzidzimutsa mkazi wake ndi chovala chatsopano, sankafunika kuba diresi lakale m'sutikesi kuti akaonetse telala. Ankangopita kwa a Diso n'kunena kuti, "Ya mayi akunyumba." Ngati mayiwo anadutsapo mu msewu umenewo ngakhale kawiri, zinali zokwanira. Mwezi wa Disembala khonde lonse linkadzaza ndi mapaketi a pepala lakhaki omangidwa ndi ulusi, ndipo abambo ankabwera mozemba ngati akukagula mankhwala a matenda ochititsa manyazi. Akazi awo a a Diso ankakhala pambali akusokerera mabatani, ndipo ana awo anayi anaphunzira sukulu ndi diso limenelo.

Tsidya lina la msewu kunali telala wina amene tinkamutcha a Zipi, munthu wa pakamwa, wokhala ndi matepi atatu m'khosi ndi buku lalikulu la miyeso. Ankakonda kukuwa kuti, "Kumeneko mukukaombeza, kuno timayeza!" A Diso ankangonyowetsa ulusi ndi malovu n'kuulowetsa pa singano kamodzi kokha, osayang'ana.

Tsopano ndifike pa gawo langa, ndipo ndipemphe owerenga andipirire, pakuti dzanja likulemera.

Pa nthawiyo ndinkagwira ntchito pa kampani ina yonyamula katundu, kumtunda kwa msewu womwewo. Ine ndinkalemba makalata pamanja, ndipo mayi wina wachitsikana ankawatayipa. Anali wamtali, wowonda m'chiuno, woyenda mofulumira. Sindinena zambiri za iye, chifukwa lero ali ndi banja lake ndipo mlanduwu ndi wanga. Ndingonena kuti masana tinkatuluka limodzi kukadya, ndipo zimene zinali pakati pathu zinapitirira kuyenda limodzi. Njira yathu inkadutsa pa khonde la a Diso. Tsiku lina iwo anakweza mutu pa makina n'kunena kuti, "Moni bwana mlembi. Moni mayi akunyumba." Mayi uja anaseka n'kundigwira pamkono. Ine ndinavula chipewa, ndinayankha moni, ndipo sindinakonze kanthu. Kunena zoona, mawuwo anandikomera.

Mayi akunyumba enieni, amayi a ana anga atatu, ankakhala kutsidya lina la tauni, kumene munthu amakwera mabasi awiri kuti akafike. Ndi munthu wamfupi, wathupi, woyenda modekha. Pofika nthawiyo, ku ofesi kwathu anali atafikako kamodzi kokha, tsiku limene ndinaiwala makiyi a kabati.

Chaka chimenecho, kumayambiriro kwa Disembala, chikumbumtima chinayamba kundivutitsa, ndipo monga amachitira amuna ambiri, ndinaganiza zochitseka pakamwa ndi mphatso. Ndinagula nsalu yabuluu ya timaluwa toyera n'kupita nayo pa khonde paja.

"Diresi la Khirisimasi," ndinatero. "La mayi akunyumba. Asadziwe."

"Musavutike, bwana mlembi," anatero a Diso akusisita nsaluyo. "Ndimawadziwa bwino."

Mtima unandigunda kamodzi. Ndikukumbukira bwino lomwe, ndipo sindinganame kuti sunagunde. Koma ndinadziuza kuti ayenera kuti anawaona tsiku la makiyi lija. Munthu wozolowera kudzinamiza safuna umboni wambiri. Ndinawathokoza n'kubwerera ku makalata anga.

Tsiku loti mawa ndi Khirisimasi, limene kalendala ya Chingerezi ya mu ofesi mwathu inkalitcha Christmas Eve, tinkaweruka masana. Ndinadutsira kwa a Diso, ndinatenga paketi yanga, ndipo cha m'ma 2 koloko ndinali nditaipereka m'manja mwa mayi akunyumba. Anailandira ndi manja awiri. Anamasula ulusi mosamala, osaudula, n'kuukulunga pa chala kuti udzagwire ntchito ina. Ataona mtundu wa nsaluyo anamwetulira, n'kulowa nayo kuchipinda.

Anakhalitsa. Ine ndinali pa mpando ndikumvetsera ana akusewera pabwalo. Atatuluka anali atavalanso zovala zawo zakale, diresi lili pamkono. Analiyala pa tebulo lodyera, n'kuyamba kuliyeza ndi chikhatho: m'chiuno, m'chifuwa, kuchokera paphewa mpaka pansi. Diresilo linali lokongola kwambiri. Linalinso lalitali kuposa iwo, ndipo m'chiuno mwake simukanalowa ngakhale mwana wathu wamkazi woyamba akadzakula.

"Abambo," anatero mayi, osandiyang'ana, "telala ameneyu anandionapo?"

"Anati amakudziwani."

"Si telala uja anthu amati salakwitsa?"

"Ndi yemweyo. Koma mwina ntchito yamuchulukira. Lisiyeni, ndikalibweza tchuthi chikatha."

"Ayi. Mawa ndikufuna ndivale mphatso ya amuna anga. Tiyeni."

Anauza mlongo wawo kuti ayang'anire ana, anapinda diresi lija, ndipo tinanyamuka. M'mabasi onse awiri ine ndinakonza ziganizo zambiri m'mutu, zina zokana, zina zovomera pang'ono, ndipo zonse zinali zaulemu ndi zopanda pake.

Tinafika dzuwa litapendeka, sitolo zisanatseke. Aliyense amene anaonapo khonde la telala madzulo oti mawa ndi Khirisimasi akudziwa mmene pamakhalira. Anthu anali atadzaza pa benchi, ena atakhala pa masitepe, ena ataimirira mu msewu. Pansi panali tizidutswa ta nsalu ta mitundu yonse. Akazi awo a a Diso anali ndi mabatani kukamwa, simbi inali kufuka pambali, ndipo makina ankalira osapuma. Tsidya lija a Zipi anali ndi makasitomala awiri okha, moti anali ndi nthawi yoonerera.

Mayi akunyumba anadutsa pakati pa anthuwo, anapereka moni mwaulemu, n'kutambasula diresi lija kuti aliyense alione. Kenaka analiika pathupi pawo, mapewa a diresi pa mapewa awo. Mpendero wake unakhudza pansi n'kupindika.

"Pepani bambo," anatero. "Ine ndine mkazi wa bambo awa. Akuti diresili mwasokera ine."

Makina anaima. A Diso anayang'ana mayi kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga mwa chizolowezi chawo. Anayang'ana diresi. Kenaka anayang'ana ine. Sindikhulupirira kuti zinatenga nthawi yoposa kupuma katatu, koma ndinaona zonse zikulowa m'mutu mwawo: masana aja, moni uja, chipewa chija. Pa benchi panali anthu awiri kapena atatu amene ankationa tikudutsa tsiku ndi tsiku, ndipo mmodzi anali atayamba kale kugwira pakamwa. A Diso akanangonena mawu anayi okha, akuti amene amawadziwa si awa, dzina lawo likanatsala loyera, ndipo ukwati wanga ukanathera pa khonde pomwepo, pamaso pa anthu makumi atatu.

Anachotsa choko kukamwa n'kuchiika pa makina.

"Mayi," anatero, mokweza kuti onse amve, "mundikhululukire. Ndinakuonani tsiku lina mukudutsa, ndipo ndinadzikhulupirira. Diso langa lakalamba. Ndalakwitsa ndine."

Kenaka a Zipi anaomba m'manja tsidya lija.

"Mwamva nokha! Woombeza wagwa nayo lero! Mayi athunthu chonchi, iye n'kusokera mtengo wa mbendera?"

Anthu anaseka, ena mwamanyazi, ena momasuka. Apa ndi pamene ndinayenera kulankhula. Ine amene ntchito yanga inali kupezera anthu ena mawu, amene ndinkadziwa kupepesa m'malo mwa kampani katundu akasowa, ndinali ndi mpata wonse. Ndipo ndinalankhuladi. Ndinaika dzanja paphewa la a Diso n'kunena kuti, "Musadandaule, a Diso. Aliyense amalakwitsa."

Ndinawakhululukira. Pa zonse zimene ndachita m'moyo wanga, palibe chimene chimanditentha kumaso ngati chiganizo chimenecho. Iwo sanachotse dzanja langa. Anangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Zikomo, bwana mlembi."

Bambo wina amene anali atalandira kale paketi yake anakhala pansi n'kuyamba kuimasula, akulankhula yekha kuti ndi bwino aone asanakachite manyazi kunyumba. Mayi wina amene anabwera ndi nsalu anati, "Ine ndiye mundiyeze kaye, nsaluyi ndi yodula." A Zipi anavula tepi imodzi m'khosi, anaikulunga, n'kuiponya kudutsa msewu. Inagwera pafupi ndi phazi la a Diso.

"Gwirani iyo, achimwene! Manambala ayambira kumene kuli kachitsuloko!"

A Diso anawerama n'kuitola. Anapempha mayi akunyumba kuti aimirire bwino, ndipo anawayeza, akutchula manambala mokweza ndi kuwalemba ndi choko pa khoma. Ndinaona kuti nambala iliyonse ankaitchula tepi isanakumane. Palibe wina amene anaona zimenezo, kapena ngati anaona sananene.

Tinakhala pa benchi ola limodzi ndi theka. A Diso anasiya ntchito za anthu ena onse, anaphwasula diresi lija m'mbali, anadula kunsi kumene kunatalika n'kupanga zigamba zoikamo. Nsaluyo sinakwane, choncho anawonjezera ina yoyera yopanda maluwa, mzere umodzi mbali iyi, wina mbali iyo. Anasoka mwaluso, koma chigamba ndi chigamba. Magetsi a mu msewu akuyaka, mayi akunyumba analandira diresi lawo ndi manja awiri, anathokoza, ndipo tinapita kukakwera basi.

M'mawa mwake analivala kutchalitchi. Amayi anzawo anafunsa za mizere yoyerayo, ndipo pofika Chaka Chatsopano tauni yonse inali itamva kuti a Diso analakwitsa.

Dzina la mmisiri limamangidwa zaka zambiri, koma siligwa pang'onopang'ono. Abambo odzidzimutsa akazi awo anasiya kubwera, pakuti ndani angapereke nsalu yake kwa diso lokalamba? Amene ankabwerabe ankafuna kuyezedwa, ndipo a Diso sanakanenso. Anabweza tepi ya a Zipi n'kugula yawo yachikasu, imene inakhala m'khosi mwawo kuyambira pamenepo. Poyamba anthu ankawatcha a Tepi mowaseka. Kenaka linangokhala dzina. Munthu woyeza ndi tepi ndi telala ngati wina aliyense, ndipo atelala anali ambiri. M'kupita kwa zaka ntchito yawo inasanduka yofupikitsa mathalauza, kusintha mazipi ndi kusoka mayunifolomu a sukulu. Mwana wawo wamkulu, amene ankafuna kumusiyira makina, anasankha kukayendetsa galimoto. Akazi awo anamwalira, ndipo ndinamva za malirowo patapita mwezi, chifukwa ndinali nditasiya kudutsa mu msewu umenewo.

Inde, ndinasintha njira. Za mayi wotayipa uja zinatha mu Januwale momwemo, ndipo chaka chisanathe anapeza ntchito kwina. Koma kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndinkazungulira kuseri kwa msika, njira yamatope nthawi ya mvula, kuti ndisaone khonde lija. Ndinkadziuza kuti madzi akatayika saoleka, ndiponso kuti kuulula kungangopweteka mayi akunyumba popanda kuthandiza aliyense. Iwo sanatchulepo nkhaniyo. Ankangovala diresi la mizere yoyera lija Khirisimasi iliyonse, ngakhale nditawagulira ena abwino, mpaka linatha m'khwapa.

Chaka chathachi, masana oti mawa ndi Khirisimasi, ndinali pa mpando wanga ndikuwerenga. Mayi akunyumba ankasita malaya a adzukulu pa tebulo lodyera lomwe lija. Ndinawafunsa ngati pali kanthu kamene angakonde kuti ndikawagulire sitolo zisanatseke.

"Chaka chino musandigulire kanthu, abambo," anatero. "Pitani mukabweze dzina la telala uja. Ndamva kuti maso ayamba kumuvuta zenizeni tsopano."

Ndinatsitsa nyuzipepala. 

"Munkadziwa?"

"Diresi lija ndinaliyeza ndi chikhatho changa, inu mukuona. Ndinadziwa kutalika kwake, ndinadziwa chiuno chake. Pambuyo pake, tsiku limene munandituma kukatenga malipiro anu mutadwala malungo, ndinangolowa mu ofesi n'kumuzindikira mwini wake wa diresilo ngati mwana amene ndinamulera ndekha. Anandipatsa mpando. Anali waulemu."

"Nanga bwanji simunanene zaka zonsezi?"

"Ndinkadikira mlembi apeze mawu." Anatembenuza malaya n'kupitiriza kusita. "Komanso musaganize kuti manyazi ndi anu nokha. Ndinakukokerani kwa telala kuja kuti munene ndi pakamwa panu, pamaso pa anthu. Sindinkadziwa kuti bambo aja adzadziponya kutsogolo kwanu. Nditaona atola tepi ija, ndikanatha kunena kuti ayi, bambo, siyani, ndikudziwa. Koma ndinaganiza za ana, ndinaganiza za anthu aja akundiyang'ana, ndipo ndinaimirira n'kukweza manja kuti andiyeze. Diresi lija ndinkalivala kuti tonse awiri tisaiwale. Valani nsapato."

Ndinapita ndekha. Mabasi akadali awiri. Sitolo ya pakona ija tsopano imagulitsa mafoni, ndipo pamene pankakhala a Zipi pali malo ometera; iwo anamwalira kalekale. A Diso ndinawapeza pa malo awo omwe aja, pa makina omwe aja, atavala magalasi okhuthala, tepi yachikasu ili m'khosi, manambala ake atafufutika m'malo ena. Pa benchi panali anthu atatu okha: mayi wina wodikira zipi ya siketi, bambo wina wa thalauza lalitali miyendo, ndi mlonda wa sitolo ija amene ankangopumulapo.

Ndinavula chipewa. Ndinali nditakonza mawu anga m'basi, ndipo ndinawanena nditaimirira, mokweza, monga mmene iwo ananenera awo.

"A Diso, ndabwera kudzanena pamaso pa anthu awa kuti simunalakwitsepo. Diresi labuluu lija munalisoka molondola, kwa munthu amene ine ndinakulolani kukhulupirira kuti ndi mkazi wanga. Wabodza ndinali ine. Munasenza manyazi anga, ndipo ine ndinakusiyani nawo."

Mayi wa siketi uja anayang'ana mlonda. "Agogowa akuti chiyani? A Diso ndiye ndani?"

"Kaya," anatero mlonda. "Mwina asochera. Agogo, awa ndi a Tepi."

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa kukula kwa chimene ndinachita. Mlandu suola, koma mboni zimafa. Anthu amene anaseka tsiku lija anali atamwalira kapena kusamuka, ndipo amene analipo sankadziwa n'komwe kuti panali dzina lina loti libwezedwe.

A Diso anamaliza msoko umene anali nawo, anadula ulusi ndi mano, n'kukweza mutu.

"Bwana mlembi. Ndakudziwirani mawu. Khalani pansi, mungagwe." Ndinakhala. "Mwachedwa."

"Ndachedwa kwambiri."

"Mayi ali bwanji?"

"Ali bwino. Ndi iwo andituma."

Anaseka pang'ono. "Ndinadziwa kuti ngati mudzabwere, adzakhala atakutumani ndi iwo. Tamverani, musadzinyamule kwambiri. Sindinachitire inu. Inu ndikanakusiyani mumire. Koma mayi aja anaima bwino tsiku lija, mutu uli m'mwamba, manja osanjenjemera. Munthu woima choncho sumugwetsa pagulu. Ndinaganiza kuti anthu aseka sabata imodzi n'kuiwala. Pamenepo ndiye ndinalakwitsa muyeso."

"Mukanatha kunena pambuyo pake."

"Kuuza ndani? Kuti ndiyende khomo ndi khomo ndikunena kuti mlembi ali ndi chibwenzi? Ndine telala, si wailesi." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi kachidutswa ka nsalu. "Komanso kulakwa ndinalakwadi. Ndinaona chiuno, ndinaona mapewa, koma sindinaone kuti mkazi wa munthu sasekerera nthabwala za mwamuna wake tsiku lililonse chonchija. Pamenepo ndinayenera kudabwa."

Bambo wa thalauza uja anaphulika kuseka, ngakhale sankadziwa chiyambi cha nkhani. Ine sindinathe kuseka. Ndinafunsa ngati pali chimene ndingachite.

A Diso anagwira tepi ija, anaivula m'khosi, anaikulunga pa zala n'kuiika m'kabokosi ka mabatani.

"Tayendani mukafike pa mtengo wa magetsi apo, mubwerere."

Ndinayenda. Ndikudziwa kuti pa mtunda umenewo sankaona kanthu koma chithunzithunzi, chifukwa nditabwerera anali akuyang'anabe kumbali pang'ono kwa pamene ndinali. Anandiuza kuti ndikhale, ndiimirire, ndikweze manja. Mapewa anga sakweranso bwino, koma ndinayesetsa.

"Tchuthi chikatha mubweretse nsalu ya jekete," anatero. "Yotuwa. Yakuda imakukalambitsani."

Jeketeyo ndinakaitenga kumapeto kwa Januwale, itakulungidwa m'pepala lakhaki lomangidwa ndi ulusi. Ndinaivala pa khonde pomwepo. Misoko yake ndi yowongoka, kolala imagona bwino, matumba ali pamalo pake. Koma mapewa ake amapitirira anga ndi zala zitatu mbali iliyonse, ndipo m'chifuwa mungalowe munthu wina wochepa. A Diso anapapasa ndi manja n'kuona okha.

"Hii," anatero motsitsa. "Ndadulira mlembi wa masiku aja. Bweretsani, ndichepetse." Ndipo dzanja lawo linayamba kufufuza m'kabokosi ka mabatani.

Ndinawagwira dzanjalo n'kuwapempha kuti aisiye mmene ilili. Nditafika kunyumba, mayi anatsegula sutikesi yakale n'kutulutsa jekete imene ndinkavala ku ofesi zaka zimene zija. Anaziyala ziwirizo pa tebulo, ina pamwamba pa inzake, n'kuyeza ndi chikhatho. Sizinasiyane ngakhale ndi chala chimodzi.

Ndimaivala Lamulungu lililonse, ndiponso ndikamapita kukalandira penshoni, ndipo tsopano ndimadutsa mu msewu wotsikira kokwerera basi. Adzukulu anga amati ndimaoneka ngati ndabwereka. Anzanga kutchalitchi amafunsa kuti telala wake ndani amene anandichita chipongwe chotere. Ndimawauza kuti anasoka ndi a Diso, osagwira tepi, ndipo sanalakwitse. Amene anachepa ndine. Ambiri amaganiza kuti ndi nthabwala ya nkhalamba, choncho ndimayamba kufotokoza kuchokera pachiyambi, ndipo ena amachoka ndisanamalize.

N'chifukwa chake ndalemba. Amene mwawerenga mpaka pano, ndikupemphani chinthu chimodzi chaching'ono. Mukadutsa pa khonde la sitolo ya mafoni ija n'kuona bambo wachikulire wa magalasi okhuthala akusintha zipi, apatseni moni ndi dzina lawo.